Sabata yonse yathera pa ngodya imodzi

Lolemba m'mawa ndinalowa m'kalasi ya ophunzira za uinjiniya a chaka chachinayi nditanyamula buluku lakale m'malo mwa buku. Ndinalitembenuza n'kuwaonetsa pamene thumba limathera. Pamenepo telala wodziwa ntchito amabwerezabwereza singano, pomwe kwina konse amangodutsa kamodzi. Nditafunsa chifukwa chake, mnyamata wina wakumbuyo anati, "Ndi pomwe pamayambira kung'ambika, aphunzitsi." Ndinamuuza kuti watchula kale theka la zomwe tiphunzire semesita ino.

Ntchito yanga ili pawiri, kuphunzitsa ndi kafukufuku, ndipo zonse zimazungulira njira yomwe timaitcha finite element method. Munthu akafuna kudziwa ngati chitsulo cha mlatho kapena khoma la damu lipirire katundu, masamu ake alipo, koma sawerengeka pamanja chinthucho chikakhala chokhotakhota. Ndiye timachijambula pa kompyuta n'kuchiduladula tizidutswa ta ngodya zitatu kapena zinayi. Kachidutswa kamodzi ndi element, ndipo tonse pamodzi timaoneka ngati ukonde, womwe dzina lake pantchito ndi mesh. Pa kachidutswa kalikonse masamu amaphweka, kenako kompyuta imalumikiza zonse. Richard Courant anali atalemba kale maganizo otere mu 1943, akatswiri ogwira ntchito ndi kampani ya Boeing anawagwiritsa ntchito pa mapiko a ndege m'pepala lawo la mu 1956, ndipo dzina lenilenilo analipereka ndi Ray Clough mu 1960.

Funso lomwe ine ndimadya nalo ndi ili: ukondewo ukhale wa maso aakulu bwanji? Maso akakula, yankho limaphonya. Maso akachepa paliponse, kompyuta imalemedwa mpaka kuima. Njira ya adaptive imachita zomwe telala uja amachita. Imawerengera, imayeza pamene yaphonya kwambiri, imasankha tizidutswa ta pamenepo, imatigawa, n'kuyambiranso. Werengera, yeza, sankha, gawa. Ndinalemba mawu anayiwa pabolodi ndi choko ndipo ndinapempha kuti asafufutidwe mpaka Lachisanu.

Lachiwiri linali tsiku langa la kafukufuku, ndipo silinayende.

Ndakhala ndikulemba pulogalamu yoyeza cholakwa pa mesh ya tizidutswa ta ngodya zinayi, pogwiritsa ntchito deal.II, laibulale yaulere ya mapulogalamu a kompyuta yomwe inayambira ku Heidelberg, m'dziko la Germany. Ndisanaikhulupirire pa chinthu chenicheni, ndimaiyesa pa chitsanzo chomwe aliyense wa ntchitoyi amachidziwa: malo ooneka ngati chilembo L, pomwe yankho lenileni timalidziwa kale. Ngodya yolowa m'kati ya chilembocho ndiyo imavuta. Mukagawa mesh yonse mofanana, tizidutswa timachuluka kanayi, koma cholakwa m'malo motsika ndi theka chimangofika pa 0.63 ya chomwe chinali. Kuti chitsike kakhumi, mufunika manambala ochuluka ka 1,000. Mukagawa mwanzeru, molunjika pa ngodyayo, mufunika ochuluka ka 100 kokha. Kwa ife amene timagwira ntchito pa laputopu, osati pa makina odzaza chipinda, kusiyana kumeneku ndi kusiyana kwa kupeza yankho madzulo ano ndi kusalipeza n'komwe.

Chithunzi chomwe chinatuluka pa ParaView, pulogalamu yoonetsera zotsatira za mawerengero, chinali chokongola ndithu. Tizidutswa tinaunjikana pa ngodyayo ngati nyerere pa shuga. Ndikanatumiza chithunzicho kwa mnzanga yemwe tikulemba naye pepala, akanasangalala. Koma galafu inkanena zina. Mzere wa cholakwa unkayenera kutsetsereka pa mlingo wa theka, kutanthauza kuti manambala akachuluka ka 100 cholakwa chitsike kakhumi, koma unkatsika mwaulesi, ndipo nambala yofananitsa cholakwa chomwe pulogalamu ikuyerekeza ndi cholakwa chenicheni inkangokwera ulendo uliwonse. Nambala imeneyi iyenera kukhazikika. Ikamakwera, ndiye kuti choyezeracho chikunama. Ndinakhala nayo mpaka dzuwa kulowa, osapeza kanthu.

Lachitatu masana kunabwera mtsikana wina wa projekiti ya chaka chomaliza. Akupanga kachitsulo kokhota ngati L kogwirizira thanki ya madzi pamwamba pa nsanja. Anagogoda, analowa, anaika laputopu patebulo osakhala pansi.

"Aphunzitsi, ndathedwa nzeru. Munati tizichepetsa mesh mpaka yankho lisiye kusintha. Langali likungokwera."

Ndinamuuza kuti akhale kaye, ndipo tinayang'ana limodzi. Iye amayeza stress, kutanthauza mphamvu yomwe ikukoka kapena kufinya kachigawo kakang'ono ka chitsulo. Pa ngodya yam'kati anapeza 180 MPa (MPa ndi muyezo wa stress) ndi mesh yoyamba. Atachepetsa maso ndi theka, 247. Atachepetsanso, 338. Chitsulo wamba chimayamba kupindikiratu chapafupi ndi 250 MPa, ndiye mesh yoyamba inkati zili bwino, yachitatu inkati thanki igwa. Akhulupirire iti?

Ndinamupatsa kakyuleta kuti agawe nambala iliyonse ndi ya m'mbuyo mwake. Anapeza 1.37, kenako 1.37. Anandiyang'ana.

Apa ndi pamene ntchito ya uphunzitsi imandikomera. Nambala imeneyo si ngozi. Mu 1952, M. L. Williams anaonetsa kuti pa ngodya yakuthwa yolowa m'kati, masamu a zinthu zotanuka amapereka stress yopanda malire. Pa ngodya ngati yakeyi, nthawi iliyonse mukachepetsa mesh ndi theka, nambala imakwera pafupifupi ka 1.37, ndipo siidzasiya. Kompyuta sinalakwe chilichonse. Inayankha mokhulupirika funso lomwe iye anafunsa, koma funsolo linali la chitsulo chomwe kulibe padziko. Palibe makina odula ngodya yakuthwa kotheratu. Nthawi zonse pamatsala kakukhota, ngakhale kochepa ngati nsonga ya singano. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, vuto si mesh yanu. Pitani mukajambule ngodyayo momwe idzakhalire ikadzachoka kwa odula zitsulo. Muikepo kakukhota, ndiye mudzachepetse mesh pamenepo."

Anafunsa ngati zimenezi n'zofanana ndi ming'alu yomwe imayambira pa ngodya za mawindo m'nyumba za njerwa. Ndinati inde, n'zapachibale. Aliyense amene wakhala m'nyumba yomwe maziko ake akusuntha waonapo mng'alu ukuchoka pa ngodya ya windo n'kumakwera chopingasa. Bowo lozungulira ndi lofatsa: Kirsch anawerengera mu 1898 kuti pa chitsulo chotambalala chomwe chikukokedwa, stress ya m'mphepete mwa bowo laling'ono lozungulira imakwera katatu basi, n'kuima pomwepo. Ngodya yakuthwa ilibe poima.

Atatuluka ndinatsala ndikuganiza za galafu yanga. Ndinali nditangomuuza mwana kuti asakhulupirire chithunzi, pamene ine dzulo lake ndinathera maola ndikuyang'ana chithunzi changa osachifunsa bwino.

Lachinayi m'mawa ndinaphunzitsa nkhani yomwe sindiilumpha chaka chilichonse. Pa 23 Ogasiti 1991, ku Gandsfjorden pafupi ndi mzinda wa Stavanger m'dziko la Norway, chimaziko cha konkire cha nsanja ya pa nyanja yokumbira gasi yotchedwa Sleipner A chinkamizidwa pang'onopang'ono pochiyesa asanaikepo nsanja yeniyeniyo. Khoma lina la m'kati, pamalo pomwe makoma atatu amakumana, linang'ambika. Madzi analowa kuposa momwe mapampu akanachotsera, ndipo chimaziko chonse chinamira. Pogunda pansi chinagwedeza nthaka mpaka makina oyeza zivomezi analemba 3.0 pa sikelo ya Richter. Chuma chomwe chinatayika chinali pafupifupi madola 700 miliyoni. Ofufuza atabwerera ku mawerengero anapeza kuti finite element yomwe inagwiritsidwa ntchito inachepetsa ndi 47 peresenti stress yometa, ija yodula ngati sizasi, pa khomalo, chifukwa mesh ya pamenepo sinali yoyenera, ndiponso zitsulo za m'konkire sizinamangiriridwe mokwanira pamalo omwewo.

Amene anawerengera zimenezi sanali anthu osadziwa ntchito. Anali akatswiri, ndi pulogalamu yodalirika. Chomwe chinasowa ndi munthu kapena chida chofunsa kuti, yankho ili laphonya ndi zingati, ndipo laphonyera pati? Ichi ndicho chimandisunga pa kafukufukuyu. Ivo Babuška ndi Werner Rheinboldt anaonetsa mu 1978 kuti cholakwa chingayezedwe kuchokera pa yankho lomwe kompyuta yatulutsa, ngakhale yankho lenileni simukulidziwa. Zienkiewicz ndi Zhu ku Swansea anabweretsa mu 1987 njira yosavuta yomwe mainjiniya ambiri anaitengera. Zida zilipo kwa zaka zoposa makumi atatu, koma ndimaonabe malipoti okhala ndi chithunzi chimodzi cha mitundu yofiira ndi yobiriwira, mesh imodzi, popanda mawu alionse onena kuti nambalazo n'zodalirika motani. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ana amene ndikuwaphunzitsawa ndi omwe mawa adzasaine mapulani a milatho yomwe amayi athu adzawolokepo atasenza katundu.

Masana magetsi anazima pamene kompyuta ya mu labu inali pakati pa ntchito yomwe ndinaiyambitsa m'mawa, ndipo zonse zinatayika. Jenereta inachedwa kulira. Poti panalibe chochita, ndinatenga pepala ndi pensulo n'kujambula tizidutswa titatu: kamodzi kakakulu kumanzere, tiwiri tating'ono kumanja, togundana nako mbali imodzi. Mukagawa kachidutswa ka ngodya zinayi n'kusiya koyandikana nako, pamatsala mfundo yolendewera pakati pa mbali ya kakakuluko, yomwe timaitcha hanging node. Choyezera changa chimayang'ana kusiyana kwa kutsetsereka kwa yankho mbali ziwiri za mzere wogawa tizidutswa. Mbali zonse zikagwirizana, pamenepo palibe vuto. Zikasiyana kwambiri, pali cholakwa. Kuti muyeze kusiyanako, muvi woloza kunja kwa kachidutswa kamodzi uyenera kutembenuzidwa mukafika pa kanzake.

Ndinalondola ndi pensulo zomwe pulogalamu imachita pa mizere wamba: zinali bwino. Ndinalondola pa mzere wa mfundo yolendewera, womwe ndinaulembera gawo lapadera miyezi iwiri yapitayo, ndipo pomwepo ndinachiona. Muvi sindinautembenuze. M'malo mochotsera, pulogalamu inkaphatikiza. Choncho paliponse pomwe tizidutswa tating'ono tikumana ndi takulutakulu, inkaona cholakwa chachikulu chomwe kunalibe, n'kugawa pamenepo, ndipo malire atsopano ankabala bodza latsopano. Ndi chifukwa chake chithunzi chinkaoneka choona: kugawaku kunkayambira pa ngodya n'kumafalikira kunja ngati moto wa tchire, kudya tizidutswa tomwe sitinafunike kugawidwa. Chizindikiro chimodzi chochotsera, pamzere umodzi.

Magetsi atayaka cha m'ma 4 koloko ndinakonza, n'kuyambitsanso. Posankha tizidutswa togawa ndimatsata njira ya Willy Dörfler ya mu 1996: sanjani tizidutswa kuyambira tolakwa kwambiri, ndipo tengani tochepa tokwanira kusenza gawo loikika la cholakwa chonse. Ine ndimaika theka. Ulendo uno mesh inatuluka yosaoneka bwino kwenikweni ngati yoyamba ija, yothinana pa ngodya pokha, kwina konse maso aakulu. Koma mzere wa pa galafu unagona pa mlingo wa theka, ndipo nambala yofananitsa ija inakhazikika osasunthanso. Ndinalembera mnzanga uthenga pa WhatsApp ndi galafuyo, osati chithunzi.

Lachisanu m'mawa munapita ndi msonkhano wa dipatimenti ndi kuchonga mayeso ang'onoang'ono. Mwa mapepala 38, ambiri analemba bwino mawu anayi a pabolodi aja, koma amene anafotokoza chifukwa chomwe timayezera tisanagawe anali osakwana khumi. Sabata yamawa ndibwerezanso, ndipo ulendo uno aliyense adzayendetsa yekha chitsanzo cha chilembo L pa kompyuta n'kujambula galafu yake.

Ndikulongedza kuti ndiziweruka, mtsikana uja anabweranso. Anaika kakukhota ka mamilimita 5 pa ngodyayo, ndipo manambala ake tsopano anali 291, 304, 306. Anakhazikika. Koma nkhope yake sinali yosangalala, chifukwa 306 ndi yoposa 250, ndipo tsopano panalibenso ponamizira mesh. Kachitsuloko n'kofookadi. Tinagwirizana kuti ayese kukulitsa kukhotako komanso kunenepetsa chitsulo, aone chomwe chingatsitse mtengo.

Ali pakhomo anatembenuka. "Aphunzitsi, nanga owotcherera akadzaika weld pa ngodya pomwepo? Kukhota kwanga kwa mamilimita 5 kudzakhalaponso?"

Ndinatsegula kabati, ndinatulutsa vernier caliper, chida choyezera tinthu ting'onoting'ono, n'kumupatsa. Ndinamuuza kuti Lolemba m'mawa apite ku wekishopu, apemphe abambo a kumeneko amuwotcherere zidutswa zitatu momwe amachitira masiku onse, ayeze ngodya ya chilichonse, ndipo abwere ndi manambalawo tisanatsegule laputopu.