Zikomo kwa amene anajambula nyumba za njanji za ku Rugare

Pulogalamuyi anandigawira pa WhatsApp ndi mbale wanga wa ku Harare, ataiona pa wailesi yakanema kwawoko. Inali yonena za nyumba za njanji za ku Zimbabwe: masiteshoni, mashedi okonzeramo injini, matanki amene ankamwetsa sitima za malasha. Tinaionera pafoni, ine ndi agogo aakazi, titakhala pakhonde kwathu ku Dedza. Poyamba agogo ankangoyang'ana mwaulemu. Koma ojambulawo atachoka pa siteshoni yaikulu n'kulowa m'timisewu ta ku Rugare, anandigwira pamkono.

"Taimika kaye, mwana iwe. Bwezera pambuyo."

Ndinabwezera. Pa kanemapo panali kanyumba ka njerwa, ndipo panja pake panali mpope ndi chochapirapo cha simenti chodyeka pakati. "Pangati apa m'pamene ndinkachapira maovolosi a agogo ako," anatero. Usiku umenewo anafotokoza zambiri za ku Halale kuposa zimene ndinamvapo moyo wanga wonse. Patatha miyezi iwiri ndinakwera basi ku Blantyre.

Za m'njira sindichulukitsa: Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete, mzere wa pa Nyamapanda, kenako Roadport, pokwerera mabasi ku Harare, m'bandakucha. Kuchokera pamenepo siteshoni ya sitima si patali, ndinangoyenda wapansi mpaka mu Kenneth Kaunda Avenue, msewu umene kale unkatchedwa Railway Avenue. Njanji yochokera ku Beira, yodzera ku Mutare, inafika mumzindawu mu 1899, ndipo ya ku Bulawayo inalumikizidwa mu 1902. Kwathu sitima inadzafika ku Blantyre mu 1908. Ndinaima nthawi ndithu kuyang'ana makoma aja, ndipo ndinazindikira zonse zimene kamera inaonetsa. Pa pulatifomu panali zii. Komabe mtima wanga sunali pamenepo.

Rugare ndi komboni imene inamangidwira antchito akuda a Rhodesia Railways, pafupi ndi Lochinvar, kumene amalumikizira ndi kumasula mabogi a katundu. Agogo aamuna anafika kumeneko mu 1955, nthawi ya Chitaganya, m'masiku amene anthu akwathu ankakhamukira ku Salisbury, Harare wa lero, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere, ena polembetsa kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Iwo anadzabwerera kumudzi ndi njinga ndi sutikesi. Mng'ono wawo sanabwerere. Kwathu timangoti anatchona, ndipo mawu amenewa timawanena ngati tikuweruza.

Ang'ono awowo ndinawapeza ku Rugare atakhala pampando kuseri kwa nyumba, atavala jekete ngakhale dzuwa linali litakwera. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Ndiwe wa kwa achimwene? Tabwera pafupi ndikuone, mdzukulu wanga."

Chichewa chawo n'chakale, chosasakaniza, cha ku Dedza kwenikweni. Adzukulu awo amamva zonse koma amayankha m'Chishona, ndipo nsima amati sadza. Anandiuza kuti ali ana, anzawo kusukulu ankawanena kuti Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale kuti Blantyre sanamuonepo ndi maso.

Madzulo agogo anatenga ndodo yawo n'kundiperekeza kunyumba imene ankakhala achimwene awo. Mukukhala anthu ena tsopano, ndipo mayi wa m'nyumbamo anatilola kuzungulira kuseri. Chochapirapo chilipo. Pakati pake simenti inasalala ngati mphero, ndipo m'mphepete muli mng'alu umene wina anamata ndi phula. Ndinaikapo dzanja. Agogo anandionetsanso msomali wa pakhoma, pafupi ndi khomo, pamene ankapachika nyali akaweruka usiku. Ntchito yawo, iwo ndi achimwene awo, inali yolowa pakati pa mabogi awiri n'kuwakoletsa, injini ikukankha chambuyo. Anatambasula dzanja lamanzere, ndipo ndinaona kuti chala chimodzi n'chopindika. Sanafotokoze zambiri za chalacho, anangoti, "Usiku kunkazizira, chitsulo chinkaluma."

Apa m'pamene ndikufuna kuthokoza. Anthu ambiri akafuna kuonetsa mbiri ya njanji amathamangira ku mlatho wa pa Victoria Falls wa mu 1905, kapena ku nyumba yosungiramo sitima zakale ku Bulawayo. Zimenezo n'zokongola, ndipo m'pulogalamuyi zinalimo. Koma inu munapitirira. Munaona kuti kanyumba ka zipinda ziwiri ka munthu wolumikiza mabogi nakonso ndi nyumba ya njanji. Amene munagwira kamera, zikomo chifukwa simunathamange. Munaimika chithunzi pa chochapira chija nthawi yokwanira kuti nkhalamba ya maso ofooka ichizindikire pa kafoni kakang'ono. Amene munajambula mawu, zikomo posiya kuti tambala ndi phokoso la ana zimveke m'malo mophimba zonse ndi nyimbo. Amene munasankha zoti zitsale ndi zoti zidulidwe, ndikudziwa kuti kanali kosavuta kutaya kagawo ka ku Rugare. Maina anu anadutsa mofulumira pamapeto, koma ndinabwezera n'kuwawerenga onse, mpaka la dalaivala.

Chimodzi chokha ndinachilakalaka. Akuluakulu amene munacheza nawo analankhula Chishona ndi Chingerezi, pamene ena mwa iwo nkhope ndi katchulidwe zinkachita kuonetseratu kuti ndi akwathu. Mukadzabweranso, afunseni m'Chinyanja. Mudzamva zina zimene sanakuuzeni.

Tsiku lonyamuka agogo anandipatsa kabatani kamkuwa kochokera pa yunifolomu yawo yakale, atakakulunga m'kapepala. "Ukawapatse alamu anga. Ukawauze kuti chochapira chawo chikadalipo." Ndinakaika m'thumba la malaya pamodzi ndi pasipoti, ndipo pa Nyamapanda ndinkangokagwiragwira kuti ndione ngati kalipo.

Nditafika ku Dedza agogo aakazi anakatembenuza kangapo m'manja, kenako anakamangirira pa nsonga ya chitenje chawo, pamene amasungira ndalama ya chopereka. Atatero anandiuza kuti nditchaje foni, akufuna kuonanso pa mpope paja.