Zimene ana anayi anaona m'buku la Lord of the Flies

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 15, ndipo chaka chino kusukulu kwawo kuno ku England akuphunzira buku la William Golding lotchedwa Lord of the Flies pokonzekera mayeso a kusekondale otchedwa GCSE. Loweruka lina anzake atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, anabwera kudzakambirana naye za bukuli patebulo la m'khitchini mwathu, ine ndikusadzula masamba chapambali. Sindinafune kulowerera, koma mkangano wawo utakula ndinapukuta m'manja n'kukhala pansi, chifukwa zimene ankanena zinali zosiyana kwambiri ndi zimene ine ndinatolamo pamene ndinaliwerenga ndili mtsikana.

Kwa amene sanaliwerenge, bukuli linatuluka mu 1954, ndipo limasimba za anyamata a sukulu a ku Britain omwe ndege yawo inagwa pachilumba chopanda anthu pa nthawi ya nkhondo, popanda munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anapulumuka. Wamkulu mwa iwo ali ndi zaka pafupifupi 12, ang'onoang'ono ali ndi zaka ngati 6. Poyamba zonse zikuyenda mwadongosolo: asankha Ralph kukhala mtsogoleri pokweza manja, agwirizana kuti woyankhula pamsonkhano azikhala atanyamula chigoba cha nkhono yaikulu ya m'nyanja chomwe amaomba ngati lipenga, ndiponso kuti moto uzikhala ukuyaka paphiri kuti sitima yodutsa ione utsi. Kenaka Jack, yemwe anali mtsogoleri wa kwaya kusukulu, ayamba kukonda kusaka nkhumba kuposa kusamala motowo, mantha a chilombo chomwe palibe anachiona bwinobwino afalikira, gulu ligawanika, ndipo pofika kumapeto anyamata awiri, Simon ndi Piggy, aphedwa ndi anzawo.

Yankho lomwe ana ambiri amaloweza pamayeso ndi lakuti Golding akutiuza kuti nkhanza zili mumtima mwa munthu aliyense, ndipo malamulo akachoka zimatulukira poyera. Ine ndinakula ndi yankho lomwelo. Koma mwana wanga anayambira kwina. Iye anati, "Amayi, mwaona kuti buku lonseli sitimva dzina lenileni la Piggy?" Anatsegula mutu woyamba n'kundionetsa malo omwe mnyamata wonenepa uja, wovala magalasi komanso wodwala mphumu, akupempha Ralph kuti asauze ena dzina lonyoza lomwe ankamutchula nalo kusukulu, lomufanizira ndi kankhumba. Pamsonkhano woyamba weniweniwo Ralph aliulula dzinalo, ana onse aseka, ndipo kuchokera pamenepo palibe amene afunsanso kuti makolo ake anamutcha ndani. Maganizo a mwana wanga anali akuti imfa ya Piggy inayambira pa kuseka kumeneko, dzuwa likuswa mtengo, pasanabwere njala kapena mantha a chilombo, ndipo woyambitsa anali mnyamata yemwe buku limatichititsa kumukonda. Ndinayang'ana chala chake chili pamzerewo, ndipo ndinadziwa kuti akunena zimene amaziona m'makonde a sukulu sabata iliyonse.

Mmodzi mwa anyamatawo, yemwe amakonda sayansi, anali ndi dandaulo lake lalifupi. Piggy amavutika kuona zakutali, ndipo magalasi a munthu wotero amamwaza kuwala kwa dzuwa m'malo mokusonkhanitsa, choncho sangayatse moto monga momwe buku likunenera. Ananena zoona, ndipo anthu ena anazitchulapo kale, koma anzake anamuuza kuti nkhani yaikulu pa magalasiwo ndi yakuti Jack anaswa galasi la mbali imodzi pomenya Piggy mbama, kenaka anadzawaba usiku, n'kumusiya mwini wake ali ngati wakhungu.

Mtsikana winayo, yemwe makolo ake anachokera ku Zimbabwe, ndiye anadzutsa nkhani yomwe inatitengera nthawi yaitali. Iye anafunsa chifukwa chake anyamata achizungu akayamba kuchita zoipa, buku limawaonetsa atadzipaka dothi kumaso, atavula malaya, akuvina mozungulira moto ndi mikondo m'manja. Anati kwa iye chithunzi chimenecho n'chodziwika: ndi momwe mabuku akale a Angerezi ankajambulira anthu ngati agogo ake. Anawonjezera kuti m'makope oyambirira Piggy amagwiritsa ntchito liwu lonyoza anthu akuda podzudzula gulu la Jack, ndipo osindikiza ena anadzalisintha pambuyo pake. Funso lake linali lakuti, ngati kuipa kwa munthu kuyenera kuvala nkhope ya munthu wa kumudzi wa ku Africa kapena wa pazilumba kuti owerenga akuzindikire, kodi bukulo likunena za munthu aliyense monga aphunzitsi amanenera?

Apa ndinayesa kumufotokozera zomwe ndikudziwa za mlembiyo, osati pofuna kumutsutsa, koma kuti aweruze ali ndi zonse m'manja. Golding anabadwa mu 1911 ku Cornwall, anaphunzitsa anyamata kwa zaka zambiri pa Bishop Wordsworth's School ku Salisbury, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali msilikali wa pamadzi yemwe anachita nawo nkhondo ya ku Normandy mu 1944. Buku lakeli ankayankha buku lina la m'zaka za m'ma 1850, The Coral Island la R. M. Ballantyne, momwe anyamata atatu a ku Britain, awiri mwa iwo otchedwanso Ralph ndi Jack, amakhala mwamtendere pachilumba, zoipa zonse zikuchokera kwa achifwamba a panyanja ndi kwa eni zilumba omwe amaonetsedwa ngati odya anthu. Golding anatembenuza nkhaniyo kuti zoipa zichokere mwa ana a Angerezi eni ake, ndipo n'chifukwa chake m'mutu wachiwiri Jack yemweyo amadzitama kuti iwo ndi Angerezi, opambana pa chilichonse, choncho ayenera kukhala ndi malamulo. Mtsikanayo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Anti, ndamva, koma pofuna kunyoza kudzitama kwa Angerezi anabwereka nkhope yathu osatipempha." Ndaganizira mawu amenewa kwa masabata angapo ndipo ndikuona kuti zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi: mlembiyo ankadzudzula anthu a mtundu wake, koma chida chomwe anadzudzulira chinali chosulidwa ndi atsamunda, ndipo mwana wakuda wowerenga bukuli m'kalasi ya ku England ali ndi ufulu womva kupweteka kwake.

Za kusowa kwa atsikana m'bukuli anangozitchula modutsa. Atsikana awiriwo sanakhulupirire kuti gulu la atsikana likanakhala loyera mtima. Anati mwina mikondo sikanakhalapo, koma kusala mnzawo kukanakhalapo ndithu.

Mnyamata wachiwiri anadabwitsa anzake poikira kumbuyo Jack. Iye anati n'kosavuta kumutcha woipa uli wokhuta, koma Jack ndiye anabweretsa nyama pamene ena ankangodya zipatso n'kumatsegula m'mimba, ndipo pamene ana ang'onoang'ono ankalira usiku chifukwa cha chilombo, Jack anawalonjeza kuti akachipha pomwe Ralph ankangoitanitsa misonkhano. Sankanena kuti Jack anachita bwino, koma ankafuna kuti anzake avomereze kuti akanakhala pachilumbapo, anjala ndi amantha, mwina akanapita kuphwando la nkhumba lija. Pamenepa mwana wanga anatikumbutsa chinthu chomwe ine ndinali nditaiwaliratu, chakuti usiku wa mkuntho umene Simon anaphedwa, akuthamanga kudzawauza kuti chilombo cha paphiri ndi mtembo chabe wa msilikali wa m'ndege wokodwa m'zingwe za parachuti yake, Ralph ndi Piggy analinso m'gule momwe Simon anapheredwa. M'mawa mwake Ralph akunena poyera kuti apha munthu, koma Piggy, wanzeru uja, akukakamira kuti inali ngozi, kunali mdima, ndipo iwo anali cha kumbali. Ana anayi onse anagwirizana kuti tsamba limeneli ndi loopsa kuposa la mutu wa nkhumba wozikidwa pamtengo, ntchentche zili ng'waa, womwe buku linatengerapo dzina lake lotanthauza Mbuye wa Ntchentche, lofanana ndi tanthauzo la Belezebule wa m'Baibulo. Chifukwa chawo chinali chakuti mutu wa nkhumba woyankhula sanauonepo, koma munthu wabwino wokana mlandu womwe anauona ndi maso amamudziwa.

Ndinawafunsa ngati akukhulupirira kuti ana enieni angachite chimodzimodzi, ndipo wa sayansi uja anali atawerenga kale nkhani ya ku Tonga, dziko la zilumba la m'nyanja ya Pacific. Mu 1965 anyamata asanu ndi mmodzi anathawa kusukulu yogonera komweko ku Nuku'alofa, anatenga bwato la msodzi, ndipo mphepo itawononga thanga anatengeka panyanja masiku 8 mpaka anafika pachilumba chopanda anthu cha 'Ata. Anakhalapo miyezi 15, kufikira pamene woyendetsa sitima wa ku Australia, Peter Warner, anawapeza mu 1966. Ankagwira ntchito awiriawiri, ankayamba ndi kutseka tsiku ndi nyimbo ndi pemphero, moto wawo anausunga osazima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mmodzi atathyoka mwendo anzake anamumanga ndi timitengo mpaka anachira. Akakangana, okanganawo ankapita mbali zosiyana za chilumba kuti mitima iyambe yazizira. Nkhaniyi inadziwika kwambiri mu 2020 kudzera mwa wolemba mbiri wa ku Netherlands, Rutger Bregman. Ine sindikuona kuti ikugwetsa buku la Golding, popeza awa anali mabwenzi ochepa odziwana kale, oleredwa m'chikhalidwe chogawana, pomwe a m'buku anali khamu la alendo ochokera m'sukulu zomwe zinawaphunzitsa maudindo ndi kupikisana. Koma ikupereka mphamvu ku zomwe anawa ankanena masana onse, zakuti chimene mwana amachita akasiyidwa yekha chimadalira kwambiri zomwe anaona akulu akuchita asanasiyidwe.

Ndipo akuluwo m'bukuli alimo, ngakhale sawoneka kawirikawiri. Ndege inagwa chifukwa cha nkhondo yawo, mtembo wa paphiri unachokera ku nkhondo yawo, ndipo wopulumutsa anawo ndi mkulu wa asilikali a pamadzi yemwe wakopeka ndi utsi wa moto womwe Jack anayatsa pofuna kutulutsa Ralph m'tchire kuti amuphe. Mkuluyo akuwadzudzula kuti amayembekezera zabwinoko kwa anyamata a ku Britain, ndipo Ralph atayamba kulira, iye akutembenuka n'kumayang'ana sitima yake yankhondo. Mwana wanga anasankha kulemba nkhani yake ya m'kalasi pa ndime imeneyi pamodzi ndi ija ya dzina la Piggy. Madzulo ake, anzake atapita, anandipempha kuti ndimuwerengere mokweza tsamba lomalizalo kawiri, iye akulemba m'mphepete mwa buku ndi pensulo, ndipo anadula mzere pansi pa mawu osonyeza kuti msilikaliyo anayang'ana kumbali.