Mitengo ya mu Lusaka ikufuna madzi ndi owasamala

Loweruka ndinapita ndi adzukulu anga ku Lusaka National Park. Anaona mbidzi, nyamalikiti, ndi tiana ta njovu tamasiye tikuyamwa mkaka m'mabotolo. Wamng'ono uja anangoti kukamwa yasa! Ine mtima unali pa mitengo. Malowa anali nkhalango yosungidwa ndi boma, anthu ankaotchamo makala ndi kukumba miyala, mpaka pomwe anawatchinga ndi waya n'kuwatsegula ngati paki mu 2015. Lero misuku ndi mitondo yaphukanso pa zitsa zakale. Mphepo yake ndi ina, abale, simungaganize kuti muli pafupi ndi tauni.

Pobwerera ndinkaganiza za nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira. Mvula ikagwa pamenepo imalowa pansi, ndipo ndi madzi omwewo amene timatunga m'mijigo. Mbali zina za nkhalangoyo zinachotsedwa pa chitetezo, nyumba n'kumera. Zimandipweteka kwambiri. Chilala cha 2024 tinachiona tonse: magetsi kulibe, mbaula pakhomo lililonse, matumba a makala ali mbwee m'misewu.

Ndikuyamikira a khansulo pobzala mitengo m'mphepete mwa misewu, koma mbande yosathiriridwa siiona Okutobala. Makhansala athu aike ndalama zolipira achinyamata othirira ndi kutchinga mbuzi, chaka chonse.

Pa 15 Disembala, tsiku lobzala mitengo, ine ndidzabzala mibawa isanu ku tchalitchi kwathu ku Chilenje. Amene ali ndi khasu ndi chigubu andipeze kumeneko m'mawa.