Bowa wa m'chisanu ndi mnzake wakupha

Sabata ino pa maphunziro athu a bowa takhala tikulimbana ndi Flammulina velutipes, amene kuno ku Britain amamutcha velvet shank. Kwathu bowa timamudziwa ndi mvula, koma uyu amamera kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi, bowa wambiri atatha. Amatuluka mothithikana pa zitsa ndi pamitengo yakufa, makamaka ya elm. Chakudya sichimusowa, poti kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 matenda a Dutch elm disease anapha mitengo imeneyi mamiliyoni ambiri. Chisanu chikamuumitsa gwa safa. Kukangofundako amayambanso kutulutsa timbewu take.

Chipewa chake n'chofiirira, choterera kukanyowa. Pamenepa ndi pamene pali msampha, chifukwa Galerina marginata naye ndi wamng'ono, wofiirira, ndipo amamera pamitengo yowola nyengo yozizira yomweyo. Galerina ali ndi poizoni wofanana ndi wa bowa wina wakupha wotchedwa Amanita phalloides, wowononga chiwindi. Choopsa n'chakuti munthu akadya amatha maola 6 kapena kuposerapo asanamve kanthu, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba, poizoni atalowa kale.

Ndiye ine chipewa ndachisiya, ndikuyang'ana tsinde. La velvet shank limada kumunsi, pafupifupi bii, ndipo lili ndi ubweya wofewa ngati wa pa chipatso cha malambe. Lilibe mphete. La Galerina lili ndi kamphete, koma kamafufutika bowayo akakalamba, choncho kusowa kwa mphete pakokha sindikukukhulupirira. Umboni wolimba ndi timbewu tija, timene timathothoka pansi pa chipewa ngati fumbi. Umadula chipewa, n'kuchivundikira pa pepala loyera mbali ina, lakuda mbali inayo, n'kuphimba ndi tambula usiku wonse. Velvet shank amasiya fumbi loyera, Galerina la dzimbiri.

Chandiseketsa n'chakuti bowa woyera uja wotchedwa enoki, wa m'masitolo a zakudya za ku Asia, ndi m'bale wapafupi wa velvet shank. Amayera ndi kutalika chifukwa amamulima mumdima. Ukawaika pamodzi sunganene kuti n'pachibale.

Chimene chikundivutabe ndi ntchito yake. Velvet shank ndi Galerina amatha kumera pa chipika chimodzi, motero pepala limodzi silingayimire dengu lonse. Bowa aliyense ayenera kutembenuzidwa payekha, tsinde lake lioneke mpaka kumunsi, ndiye pothyola sindikudulanso ndi mpeni pakati, ndikuzula ndi tsinde lomwe.