Tsiku limene ndinaweramira apongozi kwa ola lathunthu

Ine ntchito yanga ndi ya mu ofesi, cholembera ndi kompyuta basi. Koma ndinakwatira mwana wa kalipentala wa ku Mchesi, mu Lilongwe muno, ndipo amisiri akamakupatsa moni amayamba ayang'ana m'manja mwako. Anga ndi osalala ngati a khanda. Nkhani imeneyi inandidya mumtima zaka zitatu.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi tinapita kukaona apongoziwo. Ndinali nditatchena: suti, nsapato zonyezimira, ndi tayi wofiira wa pakaunjika amene aliyense ankayesa ngwa m'sitolo. Bambo anali atapita kukazonda mnzawo wodwala, mayi ali kukhitchini ndi mwana wawo. Ine phee, kulowa mushedi mmene amagwiriramo ntchito.

Pabenchi pawo pali vaisi, chitsulo chopanira thabwa kuti lisasunthe poligwirira ntchito. Ndi yakalekale ya Record, nambala 52½, yopangidwa ku Sheffield ku England. Utoto wake wabuluu unatsala m'makona mokha. Kukamwa kwake, kwa mainchesi 9, anamangirirako timatabwa tiwiri ta mlombwa kuti chitsulo chisamadinde thabwa la kasitomala. Vaisi imeneyi amaikonda kuposa akamwini awo tonse titaphatikizana.

Nditapukusa chogwirira, inalira kuti kwii. Ndinati mwayi suposa apa. Ndinapeza chitini cha girisi pakona n'kuyamba kupaka: pa sikuluwu yaitali ija, pa zitsulo ziwiri za m'mbali zimene kamwa imayendapo, ngakhale pachogwirira penipeni. Ndinaidzoza ngati mwana wopita kusukulu mu Juni.

Kenako ndinawerama kuti ndione mmene ikuyendera kunsi, dzanja likupukusabe. Inkayenda myaa, mtima wanga mbee. Ndinamanga mpaka ndinamva kuti yaluma. Poti ndiweramuke, khosi linakana. Tayi yense, nsonga zonse ziwiri, anali pakati pa mlombwa uja.

Zosavuta, ndinatero, ndingobweza chogwirira. Koma mutu umodzi wa chogwiriracho unathothoka kalekale ndipo bambo anangokulungapo mphira ya tchubu. Ndi girisi wanga uja mphira inaterereka, chitsulo chinasololoka, ngwee pansi, n'kugubuduka mpaka kunsi kwa mulu wa matabwa a paini a ku Chikangawa. Pali kachitsulo kena kutsogolo kamene ukakanikiza, vaisi imatseguka yonse kamodzin'kamodzi. Ndinakanikiza mpaka chala kuchita dzanzi. Sindinkadziwa kuti kameneka sikamvera vaisi ikaluma, umayamba wabweza sikuluwu pang'ono. Nanga mfundo ya tayi? Ndi kukoka konse kuja inali itamangika n'kuchepa ngati nsawawa, zala nazo zili noninoni.

Ndipamene ndinamva mapazi. Apongozi aakazi, chikho cha thobwa m'manja. Paja mwambo wathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndiye anagwada pakhomo nkhope ataloza kumbali.

"Kathobwa aka, bambo."

"Zikomo kwambiri, mayi," ndinayankha mphuno ili pabenchi.

Ndinawamva akuuza mkazi wanga kukhitchini kuti, "Iwe, mwamuna wako ndi waulemu. Wandiweramira mpaka ndachoka." Mkazi wanga akuti anadabwa, koma sanabwere kudzaona. Mlandu umenewu sitinaumalize mpaka lero.

Patapita nthawi anabweranso kudzatenga chikho. Thobwa lili pomwepo, ntchentche zikuchita phwando, ine ndili chiweramire.

"Kodi mukupemphera?"

"Eya, mayi. Ndatsala pang'ono."

"Mutikumbukireko nafenso," anatero, n'kubweza chitseko pang'onopang'ono kuti ana asandisokoneze.

Bambo anafika msana wanga utasanduka uta. Anaima, nayang'ana. Osati ine ayi, vaisi. Anapititsa chala pa sikuluwu, n'kuchinunkhiza.

"Girisiyu wapaka ndani, a mkamwini?"

"Ndimati ndikuthandizeni, bambo."

Anakoka mpando n'kukhala. Anandifotokozera modekha kuti girisi ndi utuchi zikakumana zimapanga phala limene limatseka mano a sikuluwu, mwakuti vaisi imayamba kulumpha m'malo moluma. Iwo amatsuka ndi parafini ndi mswachi wakale, kupukuta mpaka iume, kenako kukhutiza kandulo, chifukwa utuchi sumata pa phula. Anawonjezanso kuti thabwa ukaligwira mbali imodzi ya kamwa, mbali inayo uziikako kachidutswa kofanana nalo kunenepa kuti vaisi isapotoke. Ndinavomera zonse ndi mutu, mmene tayi ankandilolera.

Atamaliza phunziro anatola sikuludiraiva pabenchi, pafupi ndi chigongono changa penipeni, naisomeka pabowo la chogwirira. Anapotoza theka chabe. Ndinamasuka.

"Tayiyu mukamuvalanso?" anafunsa, akuyang'ana girisi amene anali atamwerera mpaka pamfundo.

Ndinati ayi. Anamudula ndi tchizulo pansi pa mfundo, namuviika mu parafini, nandipatsa pamodzi ndi mswachi. Nsima inandipeza ndikutsukabe.

Tayiyo alipobe, amapachikidwa pamsomali pamwamba pa benchi. Kasitomala akafunsa, bambo amati ndi mphatso yochokera kwa mkamwini wawo wopemphera uja.