Anyamata athu asewera gemu yoyamba

Ndangochoka kumene ku ground kuno ku Chilomoni, mawu atha ndi kukuwa. Anyamata aja tinkawaseka kuti akungothamangitsana ndi fumbi madzulo lero asewera gemu yoyamba ngati timu yeniyeni, tagonja 2-1 koma ine mtima uli mbee. Majezi ndi a pa kaunjika, manambala achita kulemba ndi penti kumsana, awiri amabwerekana nsapato wina akatuluka mnzake nkuvala pomwepo, ndipo goloboyi wathu, yemwe uja amakazinga tchipisi pamsika, wagwira penate abale inu!

Chandikhudza ndi choti palibe bwana aliyense kumbuyo kwa timuyi. Ndalama ya mpira ndi ya refu asonkha okha, wa kabaza, wometa, wowotcherera zitsulo, ndipo amayi a mandasi anabwera ndi ndowa ya madzi pa half time osapempha kanthu. Koma ife anthu akuluakulu timatha tsiku lonse kukangana za Bullets ndi Manoma, ena mpaka kudana chifukwa cha Arsenal, pomwe ground ili kuseri kwa nyumba yathu sitipondako. Mukudikira ayambe afika mu Super League ndiye mudzati ndi ana athu? Ayi zimenezo ndakana.

Loweruka training 3 koloko. Amene ali ndi neti yakale kapena pampu atithandize chonde, magolo athu akadali mitengo ya bulugamu yopanda neti ndiye chigoli chachiwiri chija mpaka pano tikukanganabe ngati chinalowadi.