Chingwe chimene ndinachisiya m'chipinda chachiwiri

Ndinali nditasewera gemu ina yakale ya mawu okhaokha kwa masiku anayi, mapu ojambula pamanja atadzaza pepala mbali zonse ziwiri, pamene ndinafika m'mphepete mwa phompho lofunika kutsika ndi chingwe. Chingwecho ndinachiona tsiku loyamba m'chipinda chachiwiri, koma ndinachisiya chifukwa katundu anali atandichulukira m'manja, ndipo khomo lobwererako linadzitseka kumbuyo kwanga popanda chenjezo lililonse. Usiku wa tsiku lachinayilo, mtima uli m'mwamba, ndinatsegula tsamba la IFDB, la pa intaneti limene osewera amaweruzirapo masewera otere, n'kuipatsa gemuyo nyenyezi imodzi. Patapita sabata ndinaichotsa nyenyeziyo mwamanyazi, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ndinayeza chinali mkwiyo wanga, osati ntchito ya mlembi.

Kwa amene sanawaonepo, masewerawa alibe zithunzi. Kompyuta imalemba ndime yofotokoza malo amene muli, inu n'kuyankha polemba lamulo lalifupi, kawirikawiri m'Chingerezi, monga "take lamp" kapena "go north". Chiyambi chake ndi Colossal Cave Adventure, imene Will Crowther anailemba cha m'ma 1976 pa kompyuta ya PDP-10, potengera mapanga enieni a ku Kentucky amene iye mwini ankalowamo, ndipo Don Woods anaiwonjezera mu 1977. Pambuyo pake kunabwera Zork, yolembedwa ndi gulu la ku MIT, yunivesite ya ku America, limene ena mwa iwo anayambitsa kampani ya Infocom mu 1979. M'masewera a nthawi imeneyo nkhanza sinali ngozi ayi, inali mwambo. Mu Zork nyali imatha mphamvu, ndipo amene wayenda mumdima amadyedwa ndi chilombo chotchedwa grue. Olemba ankadziwa kuti wosewera afa kambirimbiri, ayambirenso, ndipo munthu ankatha milungu ali pa gemu imodzi. Gemu yanga ya chingwe ija inali mwana wa mwambo umenewu, ndipo ine ndinaiweruza ngati kuti inalembedwa dzulo.

Kupeza masewerawa sikovuta masiku ano. IF Archive, nkhokwe ya pa intaneti, yakhala ikusunga mafayilo a masewerawa kuyambira 1992, ndipo IFDB, imene Michael J. Roberts anaitsegula mu 2007, ndi kumene osewera amalembako ndemanga ndi kupereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Masewera ambiri amatsegukira pa intaneti pomwepo, ena amafuna pulogalamu yowerengera monga Frotz, Gargoyle kapena Lectrote. Chovuta ndi kusankha, ndipo apa ndi pamene nyenyezi zimasocheretsa munthu, chifukwa nyenyezi zinayi za wokonda ndagi zovuta sizifanana ndi nyenyezi zinayi za wokonda nkhani yogwira mtima, ngakhale patsamba zimaphatikizidwa kukhala nambala imodzi.

Chimene chinandithandiza kuposa nyenyezi ndi muyeso wa nkhanza umene Andrew Plotkin anaufotokoza mu 1996. Muyesowu sufunsa ngati gemu ndi yokoma kapena yovuta, umangofunsa ngati wosewera angathe kuwononga mwayi wake womaliza, ndiponso ngati angadziwe kuti wauwononga. Uli ndi makwerero asanu. Pansi penipeni pali Merciful, pamene simungatsekeredwe zivute zitani, kenako Polite, pamene mungafe koma kubwerera pamene munasunga gemu yanu mu fayilo komaliza n'kokwanira. Tough imakuonetsani poyera kuti chimene mukufuna kuchita sichibwezeka, Nasty imakudziwitsani mutachita kale, ndipo Cruel imangokusiyani muziyenda masiku anayi osadziwa kuti ulendo unathera pakhomo lija. Masamba ambiri a pa IFDB amasonyeza kuti gemu ili pa kwerero liti, ndipo tsopano mzere umenewo ndimauwerenga ndisanayang'ane n'komwe nyenyezi. Ndikaona Cruel sindithawa, koma ndimasunga pa khomo lililonse, fayilo iliyonse ndi dzina lakelake, ndipo chilichonse chonyamulika ndimachiyesa kaye ndisanachoke m'chipinda.

Phunziro lachiwiri ndinalitenga ku IFComp, mpikisano wa chaka ndi chaka umene unayamba mu 1995. Kumeneko aliyense angakhale woweruza, malikisi amayambira 1 mpaka 10, koma lamulo limati woweruza apereke malikisi potengera maola awiri oyamba basi, kaya wamaliza kaya ayi. Poyamba lamuloli linkaoneka kwa ine ngati lopondereza masewera aatali, ndipo mwa njira ina limawaponderezadi. Komabe lili ndi chilungamo chimene ndemanga zanga zinkasowa, chifukwa limakakamiza munthu kunena bwinobwino kuti akuweruza gawo liti la ntchitoyo. Lamulo lomweli linasinthanso kalembedwe, popeza olemba anayamba kupanga masewera aafupi oyika mtima pa nkhani. Photopia ya Adam Cadre, imene inapambana mu 1998, ilibe ndagi zoti munthu n'kugona nazo m'mutu, ndipo wina wozolowera Zork angadandaule kuti palibe chosewera, pamene wina imamusiya ali chete kwa nthawi yaitali. Onse awiri akunena zoona za zimene anakumana nazo, ndipo nambala yapakati pa malikisi awo siuza munthu wachitatu kanthu.

Kusiyana kumeneku kunakula pamene Chris Klimas anatulutsa Twine mu 2009, chida cholembera nkhani zimene wowerenga amangodina mawu m'malo molemba lamulo. Ndimaona ndemanga zotsitsa gemu yotere chifukwa chakuti ilibe polemba, ndipo ndimaziona ngati kudzudzula ndakatulo chifukwa si sewero la pa siteji.

Pa masewera olemba malamulo ndili ndi kayesedwe kanga kamene sindikasiya. M'chipinda choyamba ndimayang'ana chinthu chilichonse chimene ndimeyo yatchula, ngakhale chooneka chopanda ntchito. Ngati ndimeyo yanena za zenera losweka, ine n'kulemba kuti ndilione, gemu n'kuyankha kuti palibe chinthu chotero pano, ndimadziwa kuti mlembi sanaganizire za munthu wachidwi, ndipo kutsogoloko ndidzavutika kulota mawu amene iye yekha ankawafuna. Lost Pig, imene inapambana IFComp mu 2007, ndi chitsanzo cha mbali inayo. Mumasewera ngati Grunk, chimphona chosaphunzira chimene chikufunafuna nkhumba yothawa, ndipo ngakhale malamulo opusa amene mumalemba mongoyesa amakhala ndi yankho lake loseketsa. Kusamala kotero kumaoneka m'mphindi khumi zoyamba.

Tsopano ndikamalemba ndemanga ndimayamba ndi kunena kuti ndasewera maola angati, ngati ndamaliza, ndiponso ngati ndinasuzumira pa mayankho okonzeratu, ndipo sindipereka nyenyezi tsiku limene ndakanika. Gemu ya chingwe ija ndinaiyambiranso mwezi wotsatira, nditataya botolo lopanda kanthu kuti chingwe chipeze malo. Kuseri kwa phompholo kunali nyanja ya pansi pa nthaka yofotokozedwa mwaluso kwambiri moti ndinaiwerenga kawiri ndisanalembe lamulo lina. Ndinaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo chiganizo choyamba cha ndemanga yanga chimachenjeza kuti chingwe cha m'chipinda chachiwiri chisasiyidwe.